Purosesa ya Alamu, Bodi ya Alongo

Kuseri kwa msika wa pa boma la Mzimba, pakati pa telala ndi sitolo ya mankhwala a ziweto, pali kachipinda ka chitseko chobiriwira komwe anthu amapita akafuna kuti ukwati wawo kapena maliro a kholo lawo asungidwe pa kanema. Mwini wake ndi Iness Thole, amene pa boma ponse amangomuti NyaThole. Ntchitoyi anaiyamba ndi mwamuna wake, Bennet Shaba. Bennet ankanyamula kamera, Iness n'kumakhala pa kompyuta kudula zithunzi, kuzilumikiza ndi kuthira nyimbo. Makasitomala awo ambiri anali ana a kuno omwe ali ku Joni, aja amalephera kubwera kudzaika mayi awo koma amafuna aone ndi maso kuti bokosi lomwe anatumiza linalowadi m'manda.

Bennet anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto akuchokera kojambula ukwati. Iness analira, kenaka anapukuta misozi n'kunyamula kamerayo yekha, poti ana awiri sadya chisoni. Koma imfa ija inamusiyira mtolo wina umene sunali wa m'situdiyo. Kwawo kwa mwamuna, ku Edingeni, ankati ng'ombe za lobola zinapita kalekale, choncho mayiyu ndi ana ake ndi a kwa Shaba, ndipo mawu amenewa ankatuluka kwambiri pakamwa pa Chikomeni, mkulu wake wa malemuyo. Kwawo kwa Iness, cha ku Luwawa, mlongo wake Zondwayo ankati mlongo wanga si katundu wotsala m'nyumba ya womwalira, abwerere kwathu. Amuna awiriwa onse ankakhala ku Joni, m'dera limodzi, koma akakumana pamsewu aliyense ankapeza chochita pa foni yake.

Iness anali munthu wosadziwa kunena kuti ayi. Si mantha okha, chinali chibadwa. Bambo ake ndiwo ankagawa nyama pa zochitika zonse za m'mudzi mwawo, ndipo iye anakula akuonerera mpeni wawo: mwendo uwu kwa akuchimuna, uwu kwa akuchikazi, chifuwa kwa akuluakulu, chiwindi kwa okalamba opanda mano. Palibe ankachoka atatupa. Kuyambira ali mwana anakhulupirira kuti mkangano uliwonse umatha bola wogawa akhale ndi dzanja labwino. Kwa chaka chathunthu anawagawa chomwecho alamu ake ndi alongo ake: Khirisimasi ku Edingeni, Pasaka ku Luwawa, ndipo aliyense ankagona akuganiza kuti NyaThole ali mbali yake.

Munthu m'modzi yekha kwa Shaba sankamukoka Iness ndi chingwe chilichonse. Awa anali apongozi ake, a NyaMoyo, mayi wokalamba amene maso anali atayamba kuchita chifunga ndipo chifuwa sichinkawapatsa mpata. Banja litagwirizana kuti chiliza cha Bennet chidzavundukulidwa Loweruka lachiwiri la Okutobala, iwo anamuitana Iness n'kumukhazika pamphasa.

"Mkamwana," anatero, "mwana wane anajambula anthu a dziko lonse ili, akuvina, akulira, akudya. Kodi iye mwini palibe pamene akuoneka? Pa tsiku la chilizalo ndikufuna ndimuone akuyenda. Chithunzi cha pakhoma chija chimangondiyang'ana, mbwenu sichiyenda."

"Mudzamuona, amama," anayankha Iness. "Ndalonjeza."

Lonjezo limeneli linali lolemera kuposa mmene linkamvekera, pakuti wojambula saoneka m'zimene akujambula. Kwa miyezi iwiri Iness anafufuza m'mahadi disiki, mosungira makanema onse a zaka khumi ndi chimodzi, ngati mayi wofuna singano m'nkhokwe. Apa anamupeza Bennet akuoneka pa galasi la galimoto ya akwati. Apo anangomva mawu ake akuti sunthirani kuno pang'ono. Pena mlendo wina woledzera anamulanda kamera, n'kumujambula akuvina ingoma, chishango m'manja, fumbi lili koboo. Tizidutswa timeneti anatisonkhanitsa mpaka tinakwana pafupifupi theka la ola, kungotsala kutisanja bwino ndi kutiphika kuti tikhale kanema m'modzi. Ndiye tsiku lina mu Ogasiti, dzuwa lili paliwombo, kompyuta ija inangoti thii, m'chipinda monse n'kununkha waya wopsa.

Anainyamula pa kabaza kupita nayo kwa Cecilia, mayi wa ku Dedza amene amakonza makompyuta pafupi ndi depoti. Cecilia ndi munthu wosachedwa ndi mawu okometsera. Anatsegula kompyutayo, ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Mazabodi yapsa, mayi. Ndi bodi yaikulu iyi, imene zonse zimalumikizidwapo. Purosesa yanu, kaubongo aka, ndi kakalekale, bodi yake simungaipezenso ngakhale ku Lilongwe. Koma mtima ukhale m'malo, mahadi disiki sanakhudzidwe. Amuna anu ali momwemo."

"Nanga ndichite uli?"

"Mugule purosesa ndi bodi zatsopano, zinazi tigwiritsa zomwezi, kupatula ramu, timemole take. Tsono mundimvetsetse apa. Mapurosesa alipo mabanja awiri, Intel ndi AMD. Pa ntchito yanu yodula kanema onse amakoka bwino, bola mutenge yamphamvu ndithu, osati ya mu ofesi yolembera makalata. Koma mukasankha purosesa ya banja ili, bodi ikhalenso ya banja lomwelo, komanso ya m'badwo womwewo. Sizikwatirana chisawawa. Sankhani kaye banja, mundiuze, ndikulembereni zonse papepala. Musagule kanthu ndisanaone."

Iness anagwedeza mutu, koma khutu limodzi lokha ndilo linali kwa Cecilia. Linalo linali kuwerenga masabata otsala.

Nkhani ya pa Mzimba imafika ku Joni msanga kuposa basi. Tsiku lomwelo lisanathe foni inalira, anali alamu ake. Chikomeni ankagwira ntchito yonyamula makatoni m'sitolo ina ya makompyuta, ndipo kunyamula makatoniko kunali kutamusandutsa dokotala wa makompyuta m'maso mwake.

"Mlamu, musadandaule chomene. Situdiyo imeneyo ni ya mwana wa kwa Shaba, ndiye ni nkhani yathu. Tigula AMD. Ilipo ina ya mitima eyiti mkati, ikamaphika kanema yonse eyiti imagwira ntchito pamoza ngati anthu a ganyu. Ndiponso bodi yake imakhalitsa, mawa mukafuna mphamvu zina mungosintha purosesa pera."

"Yewo chomene, alamu."

Asanaike n'komwe foni pansi, inaliranso. Zondwayo ankamangirira makamera achitetezo m'nyumba za anthu, ndiye naye sankaona wina womposa pa nkhani ya mawaya.

"Adumbu, mlongo wane, ndamva. Intel mbwenu, palibe zokambirana. Kanema wa kamera yanuyo Intel imamuwerenga ngati madzi, osadodoma mukamadula. Asakunamizeni a kwa Shaba, iwo akufuna akugulireni makina kuti mawa azinena kuti chilichonse m'chipindamo ni chawo. Ine ndilipo, ndikugulirani."

"Yewo chomene, adumbu."

Kunena zoona, onse awiri sananame. Chilichonse mwa ziwirizo chikanamugwirira ntchito Iness mpaka ana ake kukula. Vuto linali loti pa foni paja sipankagulitsidwa makompyuta ayi. Akalandira makina a alamu, Zondwayo adzati waiwala magazi ake, wadzigulitsa kwa Shaba kachiwiri. Akalandira a alongo, ku Edingeni adzati taonani, wayamba kusamutsa chuma cha mwana wathu, mawa asamutsa ana. Anaganiza mpaka mutu kuwawa, kenaka nzeru za bambo ake zinamubwerera, ndipo anamwetulira yekha. Ng'ombe imodzi imakwana mudzi wonse. Kompyuta ingakanike bwanji kukwana anthu awiri?

Anaimbira Chikomeni. "Alamu, imwe mugule purosesa, ndiwo ubongo wa zonse. Bodi ndaipeza kale ku Mzuzu."

"Ni ya AMD bodiyo?"

"Enya, alamu."

Anaimbira Zondwayo. "Adumbu, imwe mugule bodi na ramu yake, ndiyo imanyamula zonse. Purosesa ilipo kale."

"Ya Intel?"

"Enya, yeneyiyo."

Musaganize kuti mawu a Cecilia anali atawaiwala. Ankawakumbuka bwinobwino, koma anawapeputsa. Anati amisiri onse amatero, amakuopseza kuti uziwalemekeza. Pa Mzimba pompano amakanika amachotsa injini ya galimoto iyi n'kuiika mu ina ya mtundu wina, amenya ndi nyundo, awotcherera, galimoto n'kuyenda mpaka ku Jenda itasenza matumba a chimanga. Ndiye kachitsulo kochepa ngati bisiketi kangamukanike Cecilia? Kwa Cecilia sanabwerereko, ndipo akamadutsa pa depoti ankayenda tsidya lina la msewu.

Katundu wochokera ku Joni amabwera ndi amatransipota, pa ngolo yodzaza matiresi, njinga ndi mafiriji. Ngolo ya ulendo umenewo inachedwa pa chipata cha m'malire masabata awiri, Iness akungoyang'ana kalendala. Inafika Lachisanu, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti chiliza chivundukulidwe. Timaphukusi tiwiri tija tinayenda ulendo wonsewo titagundana m'katoni imodzi mwamtendere, chinthu chimene eni ake sakanachita.

Cecilia atatsegula phukusi loyamba anati, "Eya, iyi ndi purosesa yabwino." Atatsegula lachiwiri anati, "Iyinso ndi bodi yabwino." Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kuvula magalasi ake.

"Mayi NyaThole, munagula ndani zimenezi?"

"Achibale."

"Achibale angati?"

Iness anayang'ana pansi. Cecilia anatembenuza purosesa ija mosamala, ataigwira m'mbali mokha.

"Taonani kunsi kwake. Mukuona timapini tagolide iti, tambirimbiri? Bodi yake imakhala ndi timabowo toti timapiniti tilowemo. Tsopano taonani soketi ya bodi yanuyi, pamene purosesa imakhala. Mukuona chiyani? Timapininso. Purosesa yake ya bodi iyi imakhala yosalala kunsi. Apa mwandibweretsera minga ndi minga."

"Simungapange kanthu? Kupala pang'ono, panji kuwotcherera?"

"Si khasu ili, mayi." Koma ataona nkhope ya Iness itagwa, Cecilia anafewetsa mawu. "Musalire, nkhaniyi ili ndi mankhwala. Zonsezi n'zatsopano, sizinakhudzidwe. Ndili ndi mnzanga wa sitolo ku Mzuzu, atha kutenga chimodzi n'kutipatsa chogwirizana ndi chotsalacho. Ndikwera basi mawa m'mawa, pofika madzulo kompyuta yanu ikuyenda, mukhala ndi sabata yathunthu. Mungondiuza chinthu chimodzi: tisunge purosesa kapena tisunge bodi?"

Funso limene Iness analizemba mu Ogasiti linali litamupezanso, litangovala malaya ena. Amuna onse awiri anali akubwera ku chiliza, ndipo aliyense anali atanena kale kuti adzafika ku situdiyo kudzaona mphatso yake ili m'kati mwa makina. Amuuze chiyani amene mphatso yake idzakhale itapita ku Mzuzu?

"Ndikaganize," anatero.

"Ganizani msanga. Masiku sakudikirani."

Anatenga timaphukusi take n'kubwerera. Loweruka anaganiza. Lamulungu ku tchalitchi anaganiza mpaka ulaliki unamudutsa. Akati asunge purosesa, ankamva mawu a Zondwayo, amene anasiya sukulu kuti iye aphunzire. Akati asunge bodi, ankaona Chikomeni ataimirira pakati pa abale, akufunsa kuti kodi mkazi ameneyu akadali wathu. Cecilia anaimba kawiri, foni inangolira mpaka kuleka.

Lolemba masana, msika uli phokoso, Iness anatseka chitseko chobiriwira chija n'kuyala bodi patebulo. Anali ataonapo Bennet akuchita zimenezi: kukweza kachitsulo, kukhazika purosesa, kutseka. Mumtima ankati mwina Cecilia anangoyang'ana ndi maso, sanayese. Mwina timapini tikakumana timapatsana njira. Anakhazika purosesa ija pa soketi. Sinakhale, inangopendama. Anaitembenuza, sinakhalebe. Anapuma mozama, anatchula dzina la mwamuna wake, n'kukanikiza ndi chala chachikulu. Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu waponda chigoba cha dzira. Anadziwa asananyamule n'komwe chalacho.

Cecilia anayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu kwa nthawi yaitali. Timapini ta purosesa tinali titapindika mzere wonse, tina titathothokeratu. M'soketi munali ngati m'munda mmene mwadutsa ng'ombe.

"Zafa zonse ziwiri," anatero. "Mnzanga uja sangalandire chilichonse apa."

Sanamukalipire, ndipo kusakalipako n'kumene kunamuliza Iness. Analira ngati maliro ayambiranso, atakhala pa benchi ya makasitomala, Cecilia atamugwira phewa. Zogula zina zatsopano m'masiku anayi zinali maloto. Mnyamata wa situdiyo ina ya pa boma, yekhayo amene anali ndi makina amphamvu, anali atapita nawo ku maukwati a kumalire a Kasungu. Cecilia anatulutsa laputopu yake yolembera malisiti, ndipo amayi awiriwa analimbana nayo Lachitatu ndi Lachinayi lonse. Ikangoyamba kuwerenga zithunzi zolemera zija inkatentha ngati mbaula n'kuzima. Anaiika pa njerwa, anaikupiza ndi katoni, koma bulu sangakoke ngolo ya ng'ombe zinayi. Pofika Lachisanu analibe ngakhale mphindi imodzi ya kanema.

"Imbani ku Edingeni, muwauze lero," anatero Cecilia.

Iness anatenga foni, anayang'ana dzina la alamu, anayang'ana la alongo, n'kuibweza m'chikwama. Auze ndani poyamba?

Loweruka lija ku Edingeni kunadzaza anthu. M'mawa abusa anapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, amayi anaimba, ndipo a NyaMoyo anasisita dzina la mwana wawo pamwalapo ndi zala poti maso sankatha kuliwerenga. Anthu atadya, onse anakhamukira m'kachipinda kopemphereramo ka m'mudzimo. Mazenera anali atatchingidwa ndi zitenje kuti mukhale mdima, nsalu yoyera ya pabedi itapachikidwa kukhoma, jenereta ikulira panja. A NyaMoyo anawayalira mphasa kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi nsaluyo, kuti aone bwino. Anali atavala duku latsopano.

Chikomeni anaimirira, jekete la ku Joni lili pheee. "Abale na alongo, kanema amene muone apa wapangidwa pa makina amphamvu chomene. Purosesa yake ndinatumiza ndine, AMD yeniyeni, kuti dzina la mung'ono wanga lisazime."

Zondwayo sakanalola kuti zimenezo zidutse. Anaimirira kumbuyo. "Phepani, wapampando. Tisaiwale kuti purosesa siyenda m'malere. Bodi imene yanyamula zonsezo ndinagula ndine. Ya Intel."

Anthu ena anaomba m'manja, poganiza kuti mabanja awiriwa ayamba kugwirizana. Koma amuna awiri aja sanaombe. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Bennet anayang'anana m'maso, ndipo aliyense anaona pankhope pa mnzake chimene iye mwini anali atangozindikira. Wonyamula makatoni ndi womanga mawaya, pa ichi chokha anali odziwa mofanana. Onse anatembenukira kwa Iness.

Iye anayenda ndi mawondo mpaka pa mphasa ya apongozi ake. Analankhula motsitsa, koma aliyense m'chipindamo anamva.

"Amama, kanema palibe. Ndinaopa kukhumudwitsa alamu, ndinaopa kukhumudwitsa adumbu, ndiye ndinawanamiza onse awiri. Zinthu zimene anatumiza sizigwirizana. Anandiuza kuti ndisankhe chimodzi, nthawi ilipo, ine ndinakakamiza mpaka ndaphwanya zonse. Mlandu ni wane ndekha. Ndapota nanu, mundigowokere, mundikhululukire."

Wina panja anazimitsa jenereta. Nsalu yoyera ija inangoti ndendende pakhoma. A NyaMoyo anaiyang'ana kwa kanthawi, ngati akuyembekeza kuti mwina china chake chionekabe. Kenaka anafufuza ndi dzanja mpaka anapeza mutu wa mkamwana wawo.

"Mwana wane," anatero, "ukanakana m'modzi, akanatupa masiku angati? Amuna awa ndawaona akukula. Amatupa ngati mtanda wa mandasi, mawa lake aphwa. Iwe unaopa kutupa kwa sabata imoza."

Ena anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene misozi ili pafupi. Chikomeni ankayang'ana nsapato zake, Zondwayo ankayang'ana denga.

"Mulibe kalikonse m'kafoni kakoko?" anafunsa mayi aja.

Munali kachidutswa kamodzi kokha, kosakwana mphindi, kamene Bennet anamutumizira kalekale. Anali akujambula mayi akewo akusenda mtedza pakhonde. Iye mwini sankaoneka, ankangomveka kuseri kwa kamera akuti, "Amama, yang'anani kuno. Amama, sekani pachoko, mano alipo ndithu," kenaka kuseka kwake kuja kokhala ngati kukhosomola. A NyaMoyo anagunditsa foniyo kukhutu. Itatha anati ayambenso. Anamvera katatu, kenaka anaibweza.

"Mawu ndamva," anatero. "Kuyenda kwake ndidzaona mukadzakonza. Imwe awiri kumbuyoko, mwamva? Mukagule chinthu chimoza."

Anamvadi. Manyazi a tsiku limenelo anachita zimene abusa ndi ankhoswe analephera chaka chonse. Asanabwerere ku Joni, amuna awiri aja anapita limodzi kwa Cecilia, anatsutsana theka la ola pa za Intel ndi AMD, mpaka Cecilia anawauza kuti wogwiritsa ntchito makinawo ndi NyaThole, ayankhe yekha. Iness anafunsa funso limodzi, kuti ndi iti imene ikapsa bodi angaipeze msanga ku Mzuzu. Atayankhidwa anasankha, pamaso pa onse awiri, ndipo denga silinagwe. Amene anagonja anangoti, "Mbwenu," n'kupempha pepala. Za kumene iye ndi ana azikhala anawauzanso tsiku lomwelo, kuti akhala pa boma pamene pali ntchito yake, ndipo palibe anakomoka.

Katunduyo anabwera naye okha pa Khirisimasi, purosesa ndi bodi za banja limodzi, monga mwa pepala la Cecilia. Purosesa inakhala m'malo mwake popanda kukanikiza, ngati dzira m'chisa. Kompyuta inayaka, ndipo ntchito imene inakanika miyezi inayi inatha m'masiku awiri. Kanemayo anatuluka wokongola. Bennet ankayenda, ankavina ingoma, ankapukuta thukuta, ankaseka pa galasi la galimoto ya akwati.

Anakamuonetsa ku Edingeni, m'kachipinda komwe kaja, pa nsalu yomwe ija. Anthu analira, anaseka, ena anapempha kuti abwereze. Koma kutsogolo, pafupi ndi nsalu, panalibe mphasa. A NyaMoyo anali ataikidwa m'manda kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itangogwa, pafupi ndi chiliza cha mwana wawo. Maliro awo anajambula Iness yemweyo, ndipo amene anaonera kanema wa malirowo ku Joni amati pena zithunzi zikugwedera.

Mpaka lero purosesa yopindika mapini ija ndi bodi yake yosagwirizana nayo zili pa shelefu m'situdiyo muja. Ine sindimuweruza NyaThole, pakuti sanalakwe chifukwa cha umbombo kapena ulesi. Analakwa pofuna kuti pasakhale wodandaula, ndipo amene anadandaula ndi yekhayo amene sanamukakamize kanthu. Akamabwera achinyamata ofuna kuyamba ntchito ya kanema n'kumufunsa kuti pakati pa Intel ndi AMD yabwino ndi iti, iye amatsitsa zinthu ziwiri zija n'kuziika patebulo. Amati zonse n'zabwino, sankhani imodzi, mukhale momwemo. Akafunsa kuti nanga izi zinatani, amawauza kuti iye anayesa kubisala mbali zonse ziwiri, ndipo akulu sananame pamene anati mapanga awiri avumbwitsa.